Thovu la Katumbu

9 Febuluwale

Amake Tsabola,

Moni wambiri kwa inu, kwa ana ndi kwa apongozi. Kaya mukudzuka bwanji uko? Ine kuno ndili bwino, kupatula kachifuwa kaja kamene kamabwera mphepo ikatembenuka. Mlongo wanu Katumbu ali bwino kuposa ine, wanenepa mpaka masaya.

Kalatayi ndapatsira adalaivala a basi aja, pamodzi ndi kandalama ka fizi ya Tsabola ndi nsapato za wamng'onoyo. Zikamukulira musadandaule, phazi la mwana silichedwa. Pa foni mawu amandithawa, ndimangofunsa za mvula basi, n'chifukwa chake ndalemba.

Munafunsa kuti ntchito yathu ndi yotani kwenikweni. Kuno kumabwera anthu a ndalama zawo kudzalipira kuti alowe pansi pa nyanja akaone nsomba. Osati kuzigwira ayi, kungoziona. Amabereka botolo lachitsulo kumsana ngati mwana, m'menemo muli mpweya, ndipo amapuma kudzera m'kapaipi. Ine ntchito yanga ndi ya pamtunda. Ndimapopera mpweya m'mabotolomo ndi makina. Ndimatsuka zovala zawo za mphira kuti mchere uchoke, n'kuziyanika pa chitsulo kuseri kwa shopu. Zikapachikika pamzere, mikono ili lende, zimaoneka ngati anthu amene eni ake atulukamo. Masiku oyamba ndinkatsala pang'ono kuzipatsa moni.

Katumbu ndiye amalowa nawo m'madzi. Abwana athu, amene timawatchula a Ndevu, anamuphunzitsa mpaka anapeza chiphaso, ndipo tsopano amatsogolera alendo pansipo. Akuti kumeneko kulibe phokoso, thupi sililemera, munthu umangoyandama ngati utsi. Akuti kuli sitima yakalekale yomira, yomera maluwa, nsomba zikulowa pa zenera n'kutulukira pa chitseko. Ndikamuuza kuti azisamala amangoseka. "Alamu, inu mumaopa ndi madzi a m'kapu omwe."

Apongozi musawauze za pansi pa madzizi. Auzeni kuti amagwira ntchito ya pa boti, si bodza. Tsiku lonyamuka lija anandigwira dzanja n'kunena kuti mwana wangayu ndasungitsa iwe, ndipo mawu amenewo ndimadzuka nawo m'mawa uliwonse.

Chitsime chija munavundikira? Wamng'onoyo wayamba kuthamanga.

Ndine wanu,
bambo a Tsabola


3 Malichi

Amake Tsabola,

Moni nonse. Ndikhulupirira kuti malungo a wamng'onoyo anatha. Mankhwala amalize onse, musasiyire panjira poona kuti wayamba kusewera. Ife kuno tilipo.

Ulendo uno ndalama ndi yochepa. Shopu inatsekedwa kwa masiku angapo, apolisi ankabwera kudzafunsa mafunso ndi kuyeza mabotolo anga. Musade nkhawa, anapeza kuti mpweya wake unali wabwino, ndipo palibe mlandu pa ine kapena pa Katumbu. Za malata zija tidikire kaye. Pothonya paja ikanipo beseni, bedi mulisunthire kukhoma linalo.

Kunachitika zinazake pa nyanja. Tsikulo madzulo nditatsuka zovala za alendo, ndinapeza chopachikira chimodzi chilibe kanthu. Ndinayang'ana m'boti, ndinapisa mkono mu dramu lotsukira mpaka pansi, ngakhale ndinali nditamva kale kuti mwini chovalacho sanabwere kuchokera pansi pa madzi. Mutu unamva, koma manja ankangofunafunabe.

Katumbu sakudwala. Kungoti sakudya bwino, ndipo wasiya kundiseka. Ndikamufunsa amati, "Alamu, mawa." Akadzandiuza ndidzakulemberani.

Mbuzi ija musagulitse.

Ndine wanu,
bambo a Tsabola


25 Malichi

Amake Tsabola,

Moni kwa inu ndi ana. Ndasangalala kumva kuti Tsabola wakhoza masamu, ameneyo watengera kwanu. Ine ndili bwino, chifuwa chachepa.

Mwandikalipira kuti ndimalemba ngati munthu wobisa mpeni kumbuyo. Chabwino, ndinene. Amene sanabwere uja anali mtsikana, namwino wa ana wochokera mumzinda wina wakutali. Ndikumukumbukira chifukwa anandithokoza pomupatsa botolo, zimene ambiri sachita. Anasiya masilipasi ake pa shelefu yanga kuti adzawatenga akabwera.

Katumbu anandiuza tikutsuka zovala, osandiyang'ana. Akuti pansi kwambiri mpweya uja umaledzeretsa. Munthu amamva kukoma, amaiwala kuti kumwamba ndi kuti. Tsikulo ali pa sitima yomira ija, bambo wina wonenepa anachita mantha n'kulavula kapaipi kake, ndipo Katumbu anamugwira kuti amubwezere m'kamwa. Pocheuka anaona namwino uja atapitirira sitima, kumene nthaka imathera n'kuyamba phompho. Akuti ankatsika pang'onopang'ono, akuyang'ana zala zake, ngati mayi wotsika masitepe ndi mwana wogona. Katumbu anamenya botolo lake ndi mpeni kuti amve. Mtsikanayo anatukula dzanja, n'kupereka chizindikiro chawo chija chonena kuti ndili bwino. Kenako madzi anamufunda.

"Alamu, manja ndili nawo awiri okha," anatero Katumbu. "Onse anali pa bambo uja."

Tsopano kwabwera bambo ake a mtsikanayo. Ndi mkulu wamfupi, wa chipewa cha nsalu, moyo wake wonse ankaphika buledi. Achita lendi kachipinda pafupi ndi doko, ndipo m'mawa uliwonse amabwera kudzakhala pa benchi ya pafupi ndi dramu langa. Ndinawapatsa masilipasi aja. Sanalire. Anawayika pansi bwinobwino pambali pa mapazi awo, kuloza kunyanja, ndipo amabwera nawo tsiku lililonse m'kathumba.

Amandifunsa chilichonse. Ichi n'chiyani, ichi chimagwira bwanji, mpweya umatha nthawi yotani. Ali ndi buku limene mwana wawo ankaphunzirira ntchito imeneyi, amaliwerenga ndi chala. Dzulo anandiuza kuti, "Mwana wanga akanagundidwa ndi galimoto ndikanadziwa pokalira. Koma apa ndilire poti? Nyanja yonseyi?" Akuti mayi ake kunyumba akumuyalirabe bedi.

Ndinawapatsa tiyi wanga.

Tsabola asamadzere kumtsinje pochokera kusukulu, azizungulira pa mlatho ngakhale kuli kutali.

Ndine wanu,
bambo a Tsabola


16 Epulo

Amake Tsabola,

Moni. Tili moyo kuno, kaya inu. Ndatumiza ya feteleza, yotsalayo mugule sopo ndi shuga wa apongozi.

Ndamva kuti apongozi mwawauza zonse. Sindikukuimbani mlandu, mwana ndi wawo. Akuti Katumbu ndimukweze basi abwere kumudzi mwezi uno. Ndinamuuza, anangoti, "Ndimalize kaye." Ndipo chimene akufuna kumalizacho ndicho chikundisowetsa mtendere.

Apolisi a m'madzi anasiya kufufuza, akuti kumeneko n'kozama kwambiri. Mkulu wa chipewa uja anapita kwa a Ndevu, chipewa chili m'manja, kukapempha kuti wina ayesereko kamodzi. A Ndevu anakana. Anati, "Bambo, maliro amodzi akwana." Koma Katumbu anali pakhomo akumva. Akuti akudziwa pamene mtsikanayo analowera, ndipo m'munsi mwake muli mwala wotambalala ngati khonde, mwina anatsakamira pamenepo. Kuyambira tsiku limenelo wakhala akuwatsata a Ndevu ngati mwana wofuna bere.

Ndikuuzeni chimene chimandiopsa. Kutsika si vuto, ndi mwala womwe umatsika. Vuto ndi kukwera. Munthu akachokera kozama saloledwa kutulukira msanga. Mukudziwa botolo la chakumwa mukalikhutchumula n'kulitsegula mwadzidzidzi? Akuti magazi amachita chimodzimodzi, amawira thovu, munthu amapuwala kapena kufa kumene. Ndiye amatsitsa chingwe kuchokera pa boti, ndipo wokwerayo amadzikoleka pa chingwecho n'kuima, kukwera pang'ono n'kuimanso, mpaka thupi litazolowera. Boti akuliona pamwamba pake, dzuwa akuliona, koma sangapite. Ngakhale akuzizidwa, ngakhale wakomoka nayo njala.

Ndinamuuza kuti, "Mlamu, wapita uja wapita. Amayi ako akufuna iwe, safuna mbiri yako."

Iye anati, "Nanga amayi ake aja akufuna ndani?"

Mkulu wa chipewa akubwerabe pa benchi. Ndimafuna kuwada, koma sizikutheka. Amandithandiza kufinya zovala.

Ndine wanu,
bambo a Tsabola


7 Meyi

Amake Tsabola,

Moni kwa inu nonse. Thupi langa lili bwino, koma chakudya sichikutsika.

A Ndevu avomera. Akuti kuli bwino apite naye iwo kusiyana n'kuti mnyamatayo adzabe boti n'kupita yekha. Ayesa kamodzi kokha, Loweruka likudzali. Agwirizana malire, akafika pamenepo osaona kanthu abwerera. Masiku ano akuyeserera, amabwera milomo itachita mbuu.

Mabotolo awo ndikupopera ndine. Ndinaganiza zothira mchenga m'makina. Ndinaganiza zotaya kiyi wa chipinda cha mabotolo m'nyanja. Ndinaima ndi mchenga m'dzanja, amake Tsabola, mpaka unatuluka wonse m'mipata ya zala. Kenako ndinaona kuti makina anga akafa akapopetsa kwina, kwa munthu amene Katumbu si mlamu wake. Ndiye ndapopa ndekha. Botolo lililonse ndalinunkhiza, ndaliyeza, ndaliyezanso, mpaka a Ndevu anati, "Iwe, ulitha ndi maso botolo limenelo."

Ndakhala ndikulota maloto amodzimodzi. Ndimafika kunyumba kwathu, koma mudzi wonse uli pansi pa madzi. Si zoopsa ayi. Kuli kuwala kobiriwira, zovala pa chingwe zikuvina zokha, nkhuku zikuyandama pamwamba pa denga. Inu mukusesa pabwalo pang'onopang'ono, fumbi likukwera osatsikanso. Apongozi akhala pakhonde. Amandifunsa ndi maso kuti ali kuti, ine ndikatsegula pakamwa pamangotuluka thovu.

Chikhalire kuno sindinakwerepo boti, koma Loweruka ndikwera. Sindingakhale pamtunda n'kumatsuka zovala. Mkulu wa chipewa nayenso akupita.

Kalatayi ikamafika zidzakhala zitachitika kale. Mupemphere ndithu, mwina Mulungu sawerenga masiku monga ife.

Ndine wanu,
bambo a Tsabola


14 Meyi

Amake Tsabola,

Katumbu ali moyo, ali bwino, akuyenda ndi miyendo yake. Ndayamba ndi zimenezi kuti zotsalazi muwerenge mtima uli m'malo. Moni kwa ana.

Tinanyamuka m'mawa nyanja ili bata ngati mafuta m'mbale. Ine ndinakhala pansi penipeni pa boti, nditagwira benchi ndi manja awiri. Woyendetsa boti anandiseka kuti achimwene, benchiyo ili ndi misomali kale. Titafika anatsitsa chingwe chija. A Ndevu ndi Katumbu anavala, anakhala m'mphepete, n'kudzigwetsa chagada. Ndinaona mapazi awo akuchepa, akuchepa, kenako panatsala thovu lokha likuphulika pamwamba pa madzi.

Sindinadziwe kuti munthu angathe kuyang'ana thovu nthawi yaitali chotero. Ine ndi mkulu wa chipewa tinaweramira mbali imodzi, mapewa atagundana. Thovu lina linali la a Ndevu, lina la Katumbu. Kenako linapatukana, ndipo lina linayamba kutulukira patali.

Patapita nthawi tinaona zithunzi ziwiri pa chingwe, pansi kwambiri. Zinkakwera n'kuima, kukwera n'kuima. A Ndevu anayamba kutuluka, ali wefuwefu. Anati Katumbu anapitirira malire amene anagwirizana, ndiye ayenera kudikira nthawi yaitali kuposa iwo. Anamusiyira botolo lapadera pa chingwe, ndipo anapita kutsogolo kwa boti ndi woyendetsa uja kukasintha lawo kuti abwererenso.

Ndinatsala ndikumuyang'ana. Madzi anali oyera, ndinkamuona bwinobwino, pafupi ngati munthu ali pansi pa mtengo iwe uli m'mwamba. Anali atadzikoleka pa chingwe ndi ngowe. Kenako ndinaona manja ake asiya chingwe, agwa lende. Mutu unaweramira pachifuwa. Ankangozungulira pang'onopang'ono, osaponda, osatukula nkhope.

Za botolo la chakumwa zija ndinazilemba ndine, ndi dzanja langali. Koma nthawi imeneyo munalibe chilichonse m'mutu mwanga koma mawu a apongozi. Ndinangozindikira ndaimirira, ine woopa boti, chingwe chili m'manja, ndikukoka. Ndinakoka kamodzi. Ndinamva kulemera kwake kukubwera.

Mkulu uja anandigwira pa mkono. Manja okanda buledi, amake Tsabola, ndi chitsulo. Sanakuwe. Anati, "Siya, mwana wanga. Umupha."

Ndinati, "Wakomoka! Simukuona?"

Anati, "Usayang'ane iyeyo. Yang'ana thovu. Ona, ilo. Dikira. Ilo linanso. Wokomoka sapuma mwa dongosolo choncho."

Ndinalimbana nawo, ndinawatukwana mawu amene sindingalembe. Sanandisiye. Anandimasula zala chimodzichimodzi, chingwe chinabwerera m'madzi, ndipo anandikhazika pansi mkono wanga ukadali m'dzanja lawo. Tinakhala choncho mpaka mapeto, a Ndevu atabwerera kale pansi. Thovu likatuluka ankati, "Ilo." Likachedwa pang'ono zala zawo zinkandilowa m'mnofu. M'pamene ndinadziwa kuti nawonso akuopa ngati ine.

Katumbu atatuluka tinamukweza, anagona m'boti akunjenjemera. Mkulu uja anavula jekete lake n'kumufunda. Sanafunse kanthu. Katumbu ndiye anayamba kulankhula.

"Ndamuona, bambo. Ali pa mwala paja, wagona chammbali. Panangotsala pang'ono kuti ndimufike. Koma kukoma kuja kunandiyamba, ndinafuna kukagona pomwepo inenso. Ndiye ndinatembenuka. Pepani."

Mkuluyo anafunsa kuti, "Malo ake ndi otani?"

"Ndi abata. Pali mchenga woyera. Tinsomba tasiliva tikuyenda pamwamba pake ngati mtambo."

Mkuluyo anagwedeza mutu. Anatembenukira kwa a Ndevu n'kunena kuti, "Asapitenso munthu." Apa m'pamene analira, koyamba chibwerere, atagwira phazi la Katumbu.

Pobwerera ndinamufunsa mlamu wanga kuti pa chingwe paja anatani. Akuti ankalira. "Ndipo kulira mutavala magalasi a m'madzi ndi ntchito, alamu. Koma ndani anandigwedeza uja?"

Ndinati ndi mafunde.

Ndine wanu,
bambo a Tsabola


4 Juni

Amake Tsabola,

Moni kwa inu, kwa ana ndi kwa apongozi. Ine ndili bwino. Katumbu wayambanso kudya, moti ndiwo za awiri zikumuchepera yekha. Ndatumiza yoyambira malata. Mugule olimba, ndipo mmisiri akamakhoma ana asakhale pansi pake.

Mkulu wa chipewa anapita kwawo. Asanapite anaitanitsa akazi awo, mayi wamtali wosalankhulalankhula, ndipo woyendetsa boti anawatengera pamalo paja n'kuzimitsa injini. Akuti mayiwo anapisa dzanja m'madzi mpaka m'chigongono n'kulisiya momwemo nthawi yaitali, ngati akuyeza madzi osambitsira khanda. Atabwera anafunsa kuti mnyamata uja ndi uti. Anamuyang'ana Katumbu, anamukonza kolala ya malaya, basi. M'mawa mwake anakwera basi onse awiri.

Katumbu ndinamuuza zoona za mafunde aja. Sanaseke. Anati, "Mukanakoka kachiwiri ndi kachitatu, alamu, bwenzi mukundikankha pa njinga ya olumala." Kenako anandigulira chakumwa, n'kunditsegulira yekha pang'onopang'ono.

Tsopano za uthenga wa apongozi. Ndaumva. Akuti ngati akukana ndimulande ziphaso zake, ndimunamize kuti iwo akudwala mwakayakaya, chilichonse, bola afike. Ndaganiza masiku ambiri. Ndikhoza kuchita, ndikudziwa pamene amasunga ziphasozo. Akhoza kufikadi kumudzi mwezi uno. Koma ndamuyang'anitsitsa mnyamatayu. Theka lake likadali pa mwala paja. Sabata yatha anabwerera m'madzi ndi alendo, kosaya kokha, ndipo anatuluka nkhope itamasuka pang'ono. Dzulo anafunsa yekha mtengo wa basi ya mu Disembala. Sindinamuyankhe mwachangu, ndinaopa kumudzidzimutsa.

Pa mkono panga pakadali mabala a zala za mkulu uja, ayamba kuchita chikasu. Muwauze apongozi, mwaulemu, mutakhala nawo pansi, kuti mwana wawo sindinamutaye. Maso anga ali pa iye kuyambira m'mawa mpaka madzulo, akupuma bwino, ndipo akukwera. Koma sindimukoka. Andikwiyire ine, ndipirira.

Ndine wanu,
bambo a Tsabola